Nambala Imene Sindinaifufute

1969, Blantyre

Za ubwana wanga ndizidumpha, ana inu, chifukwa amayi anu anakufotokozerani kale, mwinanso mowonjezera. Ndiyambira tsiku limene boma linandipatsa mpando ndi pensulo. Ndinalembedwa ntchito mu ofesi ya oyeza malo ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Kwathu ku Dedza ankati Kanyumbu ndi saveya, ndipo sindinkawatsutsa, koma zoona zake n'zakuti asaveya ankapita m'tchire ndi tcheni ndi tepi, ine n'kumatsala pa tebulo kudikira mabuku awo. Ntchito yanga inali kutenga manambala amene alemba m'tchiremo n'kuwasandutsa mapu. Malo aliwonse, ngakhale okhota chotani, tinkawadula papepala m'zidutswa za ngodya zitatu, poti chidutswa chotero ukangodziwa kutalika kwa mbali zake wachidziwa chonse. Ukawerengera chilichonse n'kuphatikiza, wapeza kukula kwa poloti. Tinali ndi mabuku a matebulo a manambala, othothoka masamba, ndi makina amodzi opukusa ndi dzanja amene ankasokosa kuposa ntchito yake.

Amene anandiphunzitsa anali a Mhango, munthu wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo, wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Sanali wankhanza, koma mafunso sankawakonda. Ukawafunsa kanthu ankangoti, "A Kanyumbu, maso muli nawo, penyani," n'kupitiriza kulemba. Ndiye ndinaphunzira mwa kupenya. Chinthu choyamba chimene ndinapenya chinali chakuti nambala imene wamkulu walemba sinkafufutidwa. Ukaona kuti yalakwika unkalemba yako pambali ndi pensulo, mopepuka, n'kukasiya bukulo pa tebulo pawo osanena kanthu. Iwo ankakonza okha, nawonso osanena kanthu. Palibe anandiuza lamuloli ndipo silinalembedwe paliponse, koma ofesi yonse inkayendera pomwepo.

1972, Lilongwe

Boma litayamba kusamutsira likulu ku Lilongwe, gawo lathu linali m'gulu la oyamba kupita, chifukwa nyumba simangidwa malo asanayezedwe. Tinabwera pa lole limodzi ndi makabati a mapu, amayi anu atakhala pa matilesi ndi mwana pamiyendo. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali msika, masitolo, mlatho ndi fumbi lofiira. Mzinda watsopanowo unali papepala pokha. Tinkanena za Area 13 ndi City Centre ngati malo oti ungakagulekeko sopo, chonsecho ukapitako unkapeza mapesi, ziswe ndi chikhomo chopaka penti yoyera. Nyumba za boma zinalibe, choncho tinapeza chipinda chimodzi ku Area 1, kuseri kwa sitolo ya nsalu, ndipo tinakhalamo zaka zitatu. A Mhango, ndi tayi wawo yemwe uja, ankagona chipinda chimodzi ndi akalaliki awiri.

Ofesi yathu inali chinyumba cha malata chomangidwa mongoyembekezera. Chilichonse chinkasowa. Pensulo tinkaidula pakati kuti ikwanire anthu awiri, ndipo malezala osongolera ndinkakagula ndekha ku msika. Mapepala ojambulapo mapu akatha tinkadikira lole ya ku Blantyre, bwana wamkulu akuzungulira kumbuyo kwathu kufunsa chifukwa chake sitikujambula. Bwanayo anali mzungu wamtali amene tinkamutcha Kapaipi. Sankakalipa, ankangoyang'ana wotchi. Kumbuyo kwake kunali akuluakulu ena amene ankafuna kuona misewu, ndipo kumbuyo kwa amenewo kunalinso ena. Pa khoma panali bolodi lolembapo tsiku limene buludoza ifike pa malo aliwonse, ndipo ife tinkayenera kukhala patsogolo pake ndi masabata awiri kapena atatu.

Pa geti panali mlonda wa masana, a Lufeyo, bambo wa zaka ngati makumi asanu, wa mpingo womwewo wa a Mhango. Mudzi wawo unali kutsidya kwa Lingadzi, pa malo amene anasankhidwa kuti pakhale nyumba za akuluakulu, za mipanda ikuluikulu. Anthu a m'mudzimo anasamutsidwa, koma manda awo anatsala, ndipo lamulo limene tinapatsidwa linali lakuti manda asakhudzidwe: msewu uzilambalala, poloti izithera kunja. Mkazi wa a Lufeyo anali ataikidwa kumeneko chaka chimodzi anthu asanasamuke. Izi ndinazidziwa chifukwa masana ndinkadyera chinangwa changa pa benchi lawo, ndipo munthu ukadya naye miyezi ingapo umadziwa za kwawo.

1973, makina atsopano

Kumayambiriro kwa chaka chimenecho kunabwera kalikuleta ya magetsi, yoyamba imene ndinaionapo. Inali yaikulu ngati wailesi ya pa kabati, manambala ake owala mobiriwira. Chimene chinatidabwitsa si kufulumira kwake koma kuti inkatha kusunga nambala. A Mhango ankatcha malo osungirawo thumba, ndipo dzinali linakhazikika. Panali batani loponyera nambala m'thumbamo, ndipo ukaponya ina inkaphatikizana ndi imene ilimo kale. Panali lina loonetsera zimene zili m'thumba, ndi lina lofiira lokhuthulira zonse. M'thumba mukakhala kanthu, kanyali kakang'ono kankayaka pakona. Magetsi akazima zonse zinkapita, ndipo magetsi ankazima pafupifupi masana aliwonse. Thumbalo linali limodzi lokha, ndipo ife ogwiritsa ntchito makinawo tinali anayi.

Mabuku akale a asaveya analembedwa m'matcheni, pomwe mapulani atsopano ankafuna mafiti. Tcheni imodzi ndi mafiti 66. Choncho m'mawa uliwonse a Mhango ankavundukula makinawo, n'kuponya 66 m'thumba, n'kumachulukitsa nayo manambala a m'mabuku akale mpaka nthawi ya tiyi. Akatha ankadina batani lofiira okha, n'kunena kuti, "Ndatha, ndani akufuna?" Kale ntchito iliyonse ya ife ang'onoang'ono ankaibwereza ndi matebulo asanasaine. Makina atabwera, ndi bolodi la Kapaipi lija, anayamba kungoyang'ana ngati manambala akopedwa bwino, n'kusaina. Tonse tinkakhulupirira kuti makina salakwa, ndipo pamenepo sitinkanama.

Tsiku lina mu Juni, a Mhango anaitanidwa mwadzidzidzi kwa Kapaipi, ndipo anatuluka kanyali kakuyaka. Ine ndinali ndi ntchito yofulumira: kupeza mtunda wochokera pa bikoni, chizindikiro cha simenti cha asaveya, kufika pamene msewu watsopano uyenera kukhota kuti ulambalale manda a kwa a Lufeyo. Mtundawo unayezedwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chinkafuna kuchulukitsidwa kaye chifukwa malowo ndi otsetsereka, kenaka zonse n'kuziphatikiza. Saveya anali ataima pakhomo ndi chipewa m'manja, dalaivala akuliza hutala panja. Ndinakhala pa mpando wa a Mhango, ndinaona kanyali, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene chinali m'thumbamo. Chala ndinachifikitsa pa batani lofiira, koma sindinadine. Nambalayo anaiika ndi a Mhango, ndipo sananene kuti atha. Ndikanatha kulemba zigawozo papepala n'kuphatikiza ndi mutu ngati kale, koma ulesi wa makina unali utandilowa. Ndinati ndiphatikiza pamwamba pa nambala yawo, pamapeto ndichotsapo 66, kenaka ndiwabwezera thumba lawo mmene analisiyira. Ndinaponya zigawo zonse zisanu ndi ziwiri, ndinaonetsa chiwerengero, ndinachikopa pa fomu, saveya n'kuitsomphola fomuyo inki isanaume. Za 66 ndinaiwala. A Mhango pobwera anapeza magetsi atazima, thumba lili lopanda kanthu, ndipo anasaina kope la mu ofesi madzulo ake.

Julaye 1973

Patapita masabata atatu, Lachinayi m'mawa, a Lufeyo anandiimitsa pa geti ndikutsika pa njinga.

"Bwana Kanyumbu, pepani, ndikuchedwetseniko pang'ono. Zikhomo zanu zija zalowa kumanda."

"Sizingatheke, a Lufeyo," ndinatero ine. "Msewu ukukhotera kunja, ndinajambula ndine."

"Kaya, mapepala mumawadziwa ndinu. Koma tinapita ndi abale kukalambula, ndiye tapeza zikhomo zadutsa m'mphepete muja. China chili pafupi ndi pamene anagona mayi a kunyumba kwanga. Ndati ndikuuzeni inuyo, poti kwa bwana wamkulu sindingafike."

Ndinawauza kuti ndiona. Masana anthu atatuluka ndinatenga buku la saveya ndi matebulo akale aja, n'kuwerengera pamanja. Kusiyana kwake kunali mafiti 66, osapitirira, osaperewera. Sindinafunike kubwereza. Msewu unkapitirira mafiti 66 usanakhote, ndipo mafiti amenewo ankagwera m'mphepete mwa manda, kumene kunali manda atsopano chifukwa m'kati munali mutadzaza. Kumeneko kunalibe ziliza za simenti, kunali mitumbira chabe pansi pa udzu ndi timitengo. Saveyayo anali mlendo wa kummwera, ndipo anaona mitengo ikuluikulu ili patali ndithu ndi zikhomo zake, n'kuganiza kuti manda ndi omwewo.

Ndikanayenera kudzuka pomwepo n'kupita kwa a Mhango. Sindinapite, ndipo zifukwa zake ndizilemba monga zinalili. Dzina la a Mhango linali litaperekedwa kuti apite kunja kukaphunzira, ndipo pobwera akanakhala Mmalawi woyamba kuyang'anira gawo lathu. Siginecha ya pa fomu ija inali yawo. Inenso ndinali ndisanakhazikitsidwe pa giredi yanga, ndipo dzina langa linali pa mndandanda wa oyembekezera nyumba. Ndinachita mantha, basi. Ndinayang'ana pa bolodi, ndinaona kuti buludoza ifika kumeneko Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo ndinadziuza kuti nthawi ilipo. Ndinaganizapo zolemba nambala yolondola ndi pensulo pambali n'kusiya fomu pa tebulo pawo, monga mwa chizolowezi chathu, koma fomuyo inali itatsekeredwa kale mu kabati ya Kapaipi. Ndinaganizaponso zopita ndekha pa njinga kukazula zikhomo n'kuzikhoma poyenera, koma pulani ikanatsala yolakwika, ndipo wina akanadzazibwezera. Lachinayi linatha, Lachisanu linatha. Potuluka pa geti a Lufeyo ankandiyang'ana, ine n'kumati, "Tikuziona, a Lufeyo."

Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinawafotokozera amayi anu zonse. Anamvetsera akusita malaya anga, ndipo nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye mukudikira kuti chichitike n'chiyani?"

Lolemba ndinafika mu ofesi a Mhango asanavundukule makina, ndinaima patsogolo pa tebulo lawo, ndipo ndinanena zonse kuyambira pa kanyali.

"Kanyaliko munakaona?" anafunsa a Mhango.

"Ndinakaona, bwana."

"Nanga bwanji simunakhuthule?"

"Nambalayo inali yanu."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi.

"A Kanyumbu, 66 ndi ya tcheni, si yanga. Ndikanaiikanso. Mwadziwa liti zimenezi?"

"Lachinayi."

A Mhango anadzuka. Anatenga chipewa, anaitana dalaivala, tinanyamuka. Podutsa pa geti ndinaona kuti pa benchi pakhala mlonda wina.

Buludoza inali itadutsa Loweruka. Kontirakitala anamaliza msanga ntchito ya kwina, ndipo m'malo moimika makina anawapititsa patsogolo, monga aliyense ankachitira masiku amenewo. Sanakumbe mozama, anangopala pamwamba kuti alambule njira. Koma timitengo tonse tinali titagwa, udzu utapita, ndipo pamene panali mitumbira panali dothi lofiira losalala, lokhala ndi mizere ya mapazi a buludoza. A Mhango anavula chipewa. Anauza woyendetsa makinawo kuti asasunthenso, ndipo tinabwerera ku ofesi.

Kwa Kapaipi analowa okha. Ine ndinamva za m'katimo kwa kalaliki wotaipa, amene anati a Mhango anangoloza siginecha yawo n'kunena kuti ntchito imene sanaibwereze sankayenera kuisaina. Msewu unabwezedwa poyenera, akuluakulu anapita kukapepesa kwa eni manda, ndipo ulendo wa kunja uja anapita munthu wina. A Mhango anapuma ntchito ali pa giredi yomweyo. Sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Anangolemba kapepala n'kukamata pa kalikuleta ija, konena kuti aliyense wokhala pa mpandowo ayambe wadina batani lofiira, kaya wachokapo ndi ndani. Ine ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo nyumba ndinaipeza mochedwa ndi chaka.

Ogasiti 1973

A Lufeyo anabwerera pa ntchito patapita sabata. Ndinkazemba benchi lawo, chinangwa n'kumadyera pa tebulo. Tsiku lina anandidikira pa njinga yanga.

"Bwana Kanyumbu, ndili ndi pempho. Abale ena malo a anthu awo awazindikira, ena angozisiya. Ine ndikufuna ndimange chiliza, kuti zisadzachitikenso. Koma ndikaima paja sindikudziwa kuti ndi pati. Inu mumayeza malo. Simungandipezere?"

Ndinawafunsa ngati akukumbukira chizindikiro chilichonse. Anati kuchokera pa mtengo wa muwanga ankayenda mapazi khumi ndi anayi, ndipo kuchokera pa chulu ankayenda mapazi asanu ndi anayi. Kwa munthu wa ntchito yanga zimenezi zinali zokwanira, chifukwa malo awiri odziwika ndi mitunda iwiri zimakupatsa ngodya yachitatu. Ndinabwereka tepi, iwo anapempha chilolezo kwa akuluakulu a mudzi wawo, ndipo Loweruka masana tinapita ndi mlamu wawo atanyamula khasu.

Chitsa cha muwanga tinachipeza. Chulu chinali chitadulidwa pakati, ndipo a Lufeyo sankakumbukira ngati ankayambira kuwerenga pa tsinde pake kapena pa kanjira kodutsa m'mbali mwake. Ndinayala tepi pansi n'kuwauza kuti ayende mapazi khumi monga amayendera masiku onse, kuti ndidziwe kutalika kwa phazi lawo. Anayenda katatu, ndipo katatu konse tepi inanena zosiyana. Ndinatenga nambala ya pakati. Ndisanayambe kuyeza ndinaona kuti sindingagwire tepi ndi munthuyu asakudziwa.

"A Lufeyo, amene analakwitsa nambala ija ndine. Ndiponso tsiku lija munandiuza ndinadziwa masana omwewo, koma ndinakhala chete mpaka Lolemba."

Anayang'ana pansi, kenaka anayang'ana kumene kunali chulu.

"Za nambala ndinamva. Za Lolembazo sindimadziwa," anatero. Kenaka anati, "Gwirani uko, bwana, ine ndigwire kuno."

Iwo anagwira tepi pa chitsa, ine ndinakoka mpaka pa nambala yake n'kulemba mzere wokhota pa dothi ndi kamtengo. Tinachitanso chimodzimodzi kuchokera pa chulu. Mizere iwiriyo inakumana pamalo amodzi, monga imachitira nthawi zonse. Koma ine ndinkadziwa chimene mizereyo sinkaonetsa. Ndikanatenga phazi lawo lalifupi lija, kapena kuyambira mbali ina ya chulu, malo okumanawo akanasuntha ndi mafiti asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo manda a kumeneko anali oyandikana kuposa pamenepo. Mu ofesi, nambala yotero sindikanailola kuti ituluke pakhomo. Ndinakhoma chikhomo pamene mizere inakumana.

"Ndi pamenepa?" anafunsa a Lufeyo.

"Ndi pamenepa."

"Mwatsimikiza, bwana?"

Mlamu wawo anali atatsamira khasu akundiyang'ana. Ndinaganiza zowafotokozera za phazi ndi chulu, ndipo ndinaona kuti ndikatero ndiwasiya opanda malo alionse oti n'kuimapo.

"Ndatsimikiza," ndinatero.

Anagwada, anasalaza dothi mozungulira chikhomocho ndi manja, ndipo anauza mlamu wawo kuti ayambe kuunjika. Ine ndinakulunga tepi. Anandithokoza poombera m'manja, zimene zinandipweteka kuposa kalata ya Kapaipi.

Ndinagwira ntchito zaka zina makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo makina ankasintha mpaka kunabwera ang'onoang'ono ojambula okha ngodya ndi mizere pa galasi, okhala ndi matumba ochuluka ngati zilembo. Pa zaka zonsezo sindinaperekenso nambala imene sindinaitsimikize. A Lufeyo anamanga chiliza chawo chaka chomwecho, cha njerwa zootcha, ndipo ankapita kukachilambula chaka chilichonse mpaka pamene anamwalira. Chilipo mpaka lero, kuseri kwa mpanda wa nyumba ina yaikulu, dzina la mayiwo likuwerengekabe. Ngati mayiwo ali pansi pake, ine sindikudziwa.